Robert Laws: dokotala amene adabwerera m'kalasi kukaphunzira magetsi

Ngati mudaperekezapo mayi woyembekezera kuchipatala cha Embangweni, kapena mwana wanu adasankhidwapo kupita kusekondale ya pamalopo, dzina la Robert Laws si lachilendo m'makutu mwanu. Sukuluyo imadziwika ndi dzina limeneli. Ambiri timangodziwa kuti adali m'busa wachizungu wa ku Livingstonia, basi. Komatu bambo ameneyu adali dokotala, ndipo ali ndi zaka pafupifupi 50 adakakhala pabenchi limodzi ndi anyamata kuti aphunzire mmene magetsi amapangidwira. Funso lawo lidali lakuti magetsi achokera kuti paphiri lopanda nthambo. Funso lanu, mukakhala m'wodi usiku mukudwazika mwana, mababu n'kuthima mwadzidzidzi, ndi lakuti magetsi ena alowa nthawi yanji. Mafunso awiriwa ndi pachibale, ndipo moyo wa a Laws ukuthandizani kumvetsa onse.

Adabadwa pa 28 May 1851 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo awo adali mmisiri wa mipando ndi makabati, ndipo mayi awo adamwalira iwo akadali kamwana. Pakhomo padalibe chuma cholipirira sukulu yapamwamba, choncho mnyamatayo adalowa ntchito ya bambo ake: masana kupala matabwa, madzulo kusukulu. Mwa njira yomweyo adafika kuyunivesite, ndipo adaphunzira zaubusa ndi zaudokotala. Asadamalize maphunzirowo adagwirako ntchito mumzinda wa Glasgow pakati pa odwala nthomba, nthenda imene achinyamata a lero sadaionepo chifukwa katemera adaithetsa padziko lonse, monga lidalengezera bungwe la WHO mu 1980. Za ukalipentalazo musaziiwale. Dokotala amene manja ake adazolowera sowo ndi hamala saopa kutsegula makina kuti aone chavuta.

David Livingstone atamwalira mu 1873, mpingo wina wa ku Scotland udaganiza zotsegula mishoni panyanja ya Malawi pokumbukira dzina lake. Gulu loyamba lidanyamuka mu 1875 motsogoleredwa ndi E. D. Young, ndipo a Laws, azaka 24 zokha, ndiwo adali dokotala wake. Adatenga sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, yopangidwa mwakuti n'kuimasula zidutswazidutswa. Idakwera Zambezi, n'kulowa mu Shire, koma itafika pamathithi a Kapichira ulendo wapamadzi udathera pomwepo. Adaimasula, ndipo anthu mazanamazana a m'midzi ya mafumu a Chikololo adasenza zitsulozo pamutu, kulambalala mathithi onse mpaka kumtunda kumene madzi adekha. Mathithi amenewa muwasunge m'mutu, tibwererako. Pa 12 October 1875 Ilala idalowa m'nyanja, ndipo mishoni idakhazikika ku Cape Maclear.

Kumeneko, mu March 1876, a Laws adachotsa chotupa pamwamba pa diso la mnyamata wina atamugoneka ndi mankhwala otchedwa chloroform. Kudali koyamba kuti opaleshoni yotere ichitike m'dera lino la Africa, ndipo mbiri idawanda yakuti pali sing'anga amene amapha munthu, kumucheka, kenako n'kumudzutsa. Taganizani zimene dokotala ankafuna pantchito ngati imeneyi: mpeni, mankhwala ogonetsa, madzi, ndi kuwala kwa dzuwa. Usiku idali nkhani ina. Nyali ya lawi imawala moperewera, komanso nthunzi ya chloroform ikakumana ndi lawi imasanduka mpweya wopweteka m'mapapo, wa wodwala ndi wa dokotala yemwe. Madokotala a nthawi imeneyo ankalidziwa vutoli. N'chifukwa chake babu la magetsi litatulukira, zipatala zidali m'gulu la malo amene adalilakalaka kwambiri.

Cape Maclear adali malo okongola koma akupha. Malungo sankapereka mpata. Mu 1877 adamwalira Dr William Black, ndipo chaka chomwecho adamwaliranso Shadrach Ngunana, mphunzitsi wochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa. Padalibe ankadziwa kuti udzudzu ndiwo ukufalitsa nthendayi. Zimenezo adadzazitsimikiza Ronald Ross mu 1897. Chimene a Laws adaona ndi maso n'chakuti m'mphepete mwa nyanja anthu akutha. Mu 1881 adasamutsira mishoni ku Bandawe, koma nakonso malungo adawapeza. Banja lawo lenilenilo lidalawa zowawazi. Adakwatira Margaret Gray ku Blantyre mu 1879, ndipo mwa ana awo onse adakula ndi mmodzi yekha, Amelia, wobadwa mu 1886. Makolo amene mudaikapo khanda m'manda mukudziwa kulemera kwa chiganizo chimenechi.

Nanga Mzimba ikulowa pati? Zaka zimenezo Atonga a kunyanja ankakhala mwamantha chifukwa cha nkhondo za Angoni a Inkosi M'mbelwa a kumapiri. A Laws adaona kuti sukulu ndi chipatala sizingakhazikike kunyanja popanda kumvana ndi akumtunda, choncho adakwera mapiri ndipo adadzaonana ndi M'mbelwa. Apa mbiri imakonda kutamanda mzungu yekha, koma khomo adatsegula ndi William Koyi, mnzake wa Ngunana wa ku Lovedale, amene chilankhulo chake chinkamvana ndi Chingoni. Koyi ndiye adakhala pakati pa Angoni ku Njuyu kuyambira 1882, kupirira kukayikiridwa ndi kuopsezedwa, mpaka adamwalira komweko mu 1886. Pamaziko amenewo padadzamangidwa Ekwendeni mu 1889 pansi pa Dr Walter Elmslie, kenako Hora, ndipo mu 1902 Donald Fraser adatsegula Loudon, imene lero mukuitcha Embangweni. Mkazi wake, Dr Agnes Fraser, ndiye ankaona odwala pamalopo. Tinene kuti chipatala cha Embangweni ndi mdzukulu wa ulendo uja wa kumapiri.

A Laws eniake ankafunabe malo okwera, ozizira, okhala ndi madzi ndi mitengo. Atayendayenda ndi mthandizi wawo wokhulupirika, Yuraia Chirwa, adasankha phiri la Khondowe, mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja, ndipo adasamukirako mu 1894. Maloto awo adali aakulu: sukulu yophunzitsa aphunzitsi, abusa, akalipentala, omanga nyumba, osindikiza mabuku, makalaliki, otumiza mauthenga pa telegrafu ndi othandiza madokotala. Mudzi wotere sungayende ndi nkhuni ndi mitsuko yokha. Padafunika msewu, ndipo udakumbidwa uja wa Gorodi wokhotakhota ka 20. Padafunika madzi aukhondo, ndipo mapaipi achitsulo adakwezedwa kuchokera kunyanja kuti akatenge madzi kuphiri. Padafunikanso mphamvu yoyendetsa macheka ndi chigayo, ndi younikira usiku. Palafini ankachokera kutsidya kwa nyanja zamchere, kudutsa Zambezi, Shire ndi nyanja yonse, kenako kukwera phiri pamutu pa munthu. Pofika pamwamba, botolo lililonse lidali litadya ndalama zambiri.

Munthu wina akadangolemba kalata yopempha injiniya. A Laws atapita kutchuthi kwawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, adakalembetsa maphunziro a zamagetsi pakoleji ya Heriot-Watt ku Edinburgh. Ankadziwa kuti makina akadzafa pa Khondowe, mmisiri wapafupi adzakhala ulendo wa miyezi. Zina mwa ndalama za ntchito za pa Khondowe zidachokera kwa Lord Overtoun, mwini fakitale ya mankhwala pafupi ndi Glasgow, amenenso dzina lake lidapatsidwa kusukulu ya pa Khondowe. Patsamba la zaumoyo sitingalumphe mfundo yakuti mkulu ameneyu adadzudzulidwa kwambiri kwawo mu 1899 chifukwa antchito a m'fakitale yake ankadwala zilonda ndi fumbi la mankhwala, uku akulandira malipiro ochepa. Kuwala kwa pa Khondowe kudalipiridwa ndi thukuta la amphawi a mbali zonse ziwiri: osenza zitsulo kuno, ndi opuma fumbi uko.

Mu 1905 mababu adayaka pa Livingstonia, amodzi mwa malo oyambirira m'dziko muno kukhala ndi magetsi. Kapangidwe kake simungakasowe ngati mudakwerapo njinga ya dainamo. Tayala likazungulira, limazungulitsa maginito pafupi ndi waya wokulungidwa, ndipo m'wayamo mumabadwa magetsi, nzeru imene adaitulukira Michael Faraday mu 1831. Pa Khondowe, m'malo mwa tayala ndi miyendo ya wopalasa, adagwiritsa ntchito madzi a mtsinje wa Manchewe otsetsereka mwamphamvu. Jenereta ya dizilo ya pachipatala panu imachita zomwezo, kungoti chozungulitsa ndi injini. Anzawo ena a mumishoni ankang'ung'udza kuti ndalama zikuthera paphiri limodzi pamene midzi ikusowa sukulu, ndipo dandaulolo silidali lopanda pake. Komabe chipatala cha David Gordon Memorial chitatsegulidwa mu 1911, chidapeza madzi a m'mipope ndi magetsi zili kale pamalopo.

Tsono pali kusiyana kwakukulu pakati pa chipatala cha masiku amenewo ndi chanu. Kalelo magetsi adali ounikira ndi oyendetsa makina a amisiri. Akathima, namwino ankayatsa nyali ntchito n'kumapitirira, chifukwa padalibe wodwala amene kupuma kwake kunkadalira soketi. Lero zasintha. Makina opanga okosijeni amene amaikidwa pambali pa mwana wa chibayo sasunga mpweya. Amausefa kuchokera mumpweya wa m'chipindamo nthawi yomweyo, ndipo magetsi akathima nawonso amaima pomwepo. Pakangopita mphindi zochepa mwana wodwalitsa amayamba kubanika. Khanda lobadwa masiku osakwana limazizidwa msanga chotenthetsera chikazima. Kuchipinda cha opaleshoni, mayi akhoza kukhala atang'ambidwa kale pamimba. Magazi a m'firiji amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 6, katemera pakati pa 2 ndi 8, ndipo jekeseni wa oxytocin woletsa mayi kutaya magazi akabereka amafooka akakhalitsa pamalo otentha.

Ndipo magetsi amene zonsezi zikudalira amachokera kutali. Mukukumbukira mathithi aja adaimitsa Ilala? Pamenepo ndi pamene dziko lino limapangira magetsi ake ambiri: Nkula, imene idayamba mu 1966, Tedzani ndi Kapichira, zonse pamtsinje umodzi wa Shire. Kuti afike pa Boma la Mzimba, pa Jenda kapena pa Embangweni, amayenda makilomita mazanamazana panthambo, ndipo panjira pali mphenzi, mitengo yogwa ndi akuba. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo siteshoniyo idayambanso kugwira ntchito mu 2023. Mudaona nokha mmene kuthimathima kudakulira miyezi imeneyo. Chipatala chodalira gwero limodzi la magetsi chili ngati banja lodalira munda umodzi wa kudambo.

Mwa ichi zipatala zikuluzikulu zimakhala ndi jenereta, zina sola ndi mabatire. Koma kukhala ndi magwero awiri si kutha kwa nkhani. Pamafunika chosinthira, chimene amisiri amachitcha changeover. Chophweka kwambiri ndi bokosi lokhala ndi chogwirira: mukachikankhira uku nyumba imalandira magetsi a ESCOM, mukachikankhira uko imalandira a jenereta. Vuto lake ndi lakuti chimadikira munthu. Magetsi athima 2 koloko usiku, wina adzuke, apeze tochi, apeze kiyi, ayende mpaka kukanyumba ka jenereta, alize injini, ndiye akankhe chogwirira. Zikayenda bwino ndi mphindi zingapo. Zikavuta, wosunga kiyi ali kumaliro kumudzi.

Chosinthira chodziyendera chokha chimachotsa kudikira kumeneku, ndipo mtima wake ndi kachipangizo kotchedwa relay. Nzeru yake ndi yakale kuposa a Laws: Joseph Henry wa ku America adaionetsa m'zaka za m'ma 1830, ndipo ndiyo inkathandiza telegrafu, imene anyamata a pa Khondowe ankaphunzira, kutumiza uthenga kutali. Magetsi akamadutsa m'waya wokulungidwa pachitsulo, chitsulocho chimasanduka maginito n'kugwira kachitsulo kena. Magetsi akachoka, umaginito umatha, kachitsulo kaja kamataidwa, sipuling'i n'kukakokera mbali ina kumene kamakagunda mawaya ena. Amene mudatcherapo diwa mwamva kale. Mwala umakhala m'mwamba chifukwa kamtengo kaugwira. Kamtengo kakangochoka, mwala umagwa wokha. Apa chogwira ndi magetsi a ESCOM, ndipo kuthima kwawo komweko ndiko kumafwetula msampha. Zosinthira zamakono zili ndi kakompyuta koyeza mphamvu ya magetsi, koma ganizo lake ndi lomweli.

Zimene zimachitika m'bokosimo zimatsatana chonchi. Magetsi akathima, kapena akafooka kupitirira muyeso, chosinthira chimayamba chadikira masekondi ochepa, kuopa kudzutsa jenereta chifukwa cha kuphethira chabe. Chikatsimikiza, chimatumiza uthenga kuti injini ilire, ndipo imalizidwa ndi batire yake monga galimoto. Chimadikiranso kuti jenereta ifike pa liwiro loyenera ndi kutulutsa mavolti 230 okhazikika. Kenako chimayamba chadula chipatala kunthambo za ESCOM, ndipo chikatero m'pamene chimachilumikiza kujenereta. Zonsezi zimatenga masekondi, kawirikawiri osafika theka la mphindi. Magetsi a ESCOM akabwera, sichithamangira kubwerera. Chimawayang'ana kaye kwa mphindi zingapo, poti mukudziwa mmene amabwerera n'kuthawanso. Chikakhutira chimabwezera chipatala kunthambo, n'kusiya injini ikulira yopanda katundu kwa kanthawi kuti izizire isanazime.

Mfundo ya kuyamba kudula musanalumikize ndi ya moyo ndi imfa, ndipo ikukhudza ngakhale inu amene muli ndi kajenereta pagolosale kapena pavidiyo. M'chosinthira muli loko woletsa magwero awiriwo kulumikizidwa nthawi imodzi. Popanda lokoyo, magetsi a jenereta amabwerera m'nthambo za panja, ndipo akafika pathiransifoma imawakweza kuchoka pa mazana awiri kufika pa mavolti 11,000. Wantchito amene wakwera pholo akudziwa kuti nthambo n'zozima akhoza kufera pomwepo. Magetsi a ESCOM akabweranso n'kugundana ndi a jenereta, jenereta imapsa, mwinanso nyumba. Choncho chizolowezi chija cholumikiza jenereta pasoketi ya pakhoma ndi waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri chilekeni. Itanani mmisiri wovomerezeka akuikireni changeover, ngakhale ya pamanja. Ndipo jenereta isalire m'nyumba kapena pafupi ndi zenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, wofanana ndi wa mbaula yosiyidwa m'chipinda chotseka m'nyengo yozizira ya June ndi July.

Mwina mukufunsa za masekondi aja a mdima jenereta isanadzuke. Kwa firiji si kanthu. Kwa makina ena a kuchipinda cha opaleshoni kapena a ku labotale, ngakhale kuphethira kumasokoneza. Pamenepo pamaikidwa mabatire okhala ndi invetala, amene amalowa mofulumira kwambiri moti babu silionetsa n'komwe kuti chasintha china. Malo a sola amayenda chimodzimodzi: masana dzuwa, usiku mabatire, ndipo zikachepa, ESCOM kapena jenereta. Koma mphamvu yosungidwa ili ndi malire. N'chifukwa chake amisiri amapatula mawaya a malo ofunikitsitsa, monga kochirira amayi, kwa makhanda, kwa opaleshoni ndi kwa mafiriji, kuti ndiwo okha adye za m'nkhokweyo. Mukalumikiza ketulo kapena ayironi pasoketi yotere, mukudya chakudya cha khanda. Ndipo amene amazula pulagi ya firiji ya katemera kuti atchaje foni, n'kuiwala kubwezera, waononga ntchito ya mwezi wathunthu.

Kunena zoona, chosinthira chodziyendera chokha chimanyenga. Poti chimagwira ntchito popanda munthu, anthu amaiwala kuti chilipo, mpaka tsiku limene chakana. Ndipo kawirikawiri cholakwa sichikhala chachikulu. Batire yolizira injini yatha mphamvu chifukwa yakhala miyezi osagwira ntchito. M'thanki mulibe dizilo, kapena muli madzi. Mmisiri atamaliza kukonza adasiya swichi pa malo a pamanja osaibwezera pa malo odziyendera. Makoswe adya waya. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: kuyesa. Jenereta imafunika kulizidwa kawirikawiri ngakhale magetsi alipo, ndipo nthawi ndi nthawi kuzimitsa dala magetsi a ESCOM masana, aliyense ali tcheru, kuti muone ngati chosinthira chikugwiradi. Inu a m'komiti ya chipatala muli ndi ufulu wofunsa pamsonkhano kuti jenereta idayesedwa liti, dizilo alipo wa maola angati, silinda ya okosijeni yodikirira ili yodzaza kapena ayi, ndipo ndi anthu angati amene amadziwa kusintha pamanja makina akakana. Yankho likakhala lakuti mmodzi, pemphani aphunzitsidwe ena.

Kuzipatala zing'onozing'ono kumene kulibe jenereta, nkhondo yaikulu ndi ya katemera. Mafiriji ambiri a sola a masiku ano alibe batire. Masana amaumitsa madzi m'makoma mwake, ndipo ayezi ameneyo ndiye amasunga kuzizira usiku ndi masiku a mitambo. Ntchito yanu ndi yopukuta fumbi pamapanelo, makamaka m'chilimwe, kudula nthambi zochita mthunzi, ndi kusatsegulatsegula chitseko. Alangizi a zaumoyo amalemba kuzizira kwa firiji m'mawa ndi madzulo, ndipo pabotolo la katemera pamakhala kachizindikiro ka bokosi loyera mkati mwa bwalo lodera. Bokosilo likada kufanana ndi bwalolo kapena kuposa, katemerayo wapsa ndi kutentha, sabayidwanso. Dziwaninso kuti kuzizira kopitirira nako kumaononga: akatemera ena, monga wa kafumbata, akaundana ndiye kuti atha ntchito. Kwa khanda lochepa thupi, chotenthetsera chimene sichithima ndi chifuwa cha mayi, bambo kapena agogo. Njira ya kangaroo, khungu kukhungu, mwana atavala chipewa n'kufunditsidwa, muiphunzire magetsi asadathime.

Nkhani ya munthu mmodzi wosunga kiyi ikutibwezera kwa a Laws, chifukwa pamenepa m'pamene padali mphamvu yawo ndi kufooka kwawo. Adaphunzitsa anthu akuda ntchito zamanja ndi zamutu pamlingo umene atsamunda ambiri sankaufuna. Pa Khondowe padadutsa Levi Mumba, amene adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town mu 1919, ndi David Kaunda, bambo wa mtsogoleri woyamba wa Zambia. Koma pa zopereka udindo, dzanja lawo lidali lolemera. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikireni mishoni. Charles Domingo, amene adakulira pakhomo pa a Laws ndipo adamaliza maphunziro a zaubusa kalekale, adadikira kudzozedwa mpaka adatopa, n'kuchoka, ndipo adadzatumikira mipingo ina kuno ku Mzimba. Munthu amene adaona patali pa za madzi ndi magetsi adachedwa kuona kuti amene adawaphunzitsa akhwima.

Zaka zomaliza zidali za ulemu wosakanikirana ndi zokhumudwitsa. Mu 1908 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa msonkhano waukulu wa mpingo wawo ku Scotland. Adakhalako m'nyumba ya malamulo ya atsamunda ku Zomba. Mayi Laws adamwalira mu 1921. Mu 1924, pamene masinodi a Livingstonia ndi Blantyre adagwirizana kupanga CCAP, a Laws ndiwo adakhala pampando. Koma maloto awo a koleji yaikulu pa Khondowe adakanidwa ndi akuluakulu a kwawo, amene ankati ndalama palibe ndipo maphunziro a m'midzi ndiwo ofunika; yunivesite ya Livingstonia idadzatsegulidwa mu 2003, iwo atapita kalekale. Adachoka m'dziko muno mu 1927, atakhalamo zaka 52. Adamwalira ku London pa 6 August 1934 ali ndi zaka 83, ndipo adaikidwa kwawo ku Aberdeen. Nyumba yawo ya miyala pa Khondowe lero ndi yosungiramo zinthu zakale, ndipo chipatala cha David Gordon Memorial chikulandirabe odwala.